Malasha akupita, magetsi akupita: kodi boma liziyeza chuma ndi chiyani?

Sitima ya malasha ikanyamuka ku Moatize kupita ku Nacala, mabogi ake amatalika moti munthu wofuna kudumpha njanji amaima mpaka kutopa. Mawaya a magetsi ochokera ku Songo, kumene kuli damu la Cahora Bassa, amayenda mtunda woposa makilomita 1,400 kukathera ku South Africa. Fodya wa ku Angónia, Macanga ndi Chifunde amakonzedwa mu fakitale ya mumzinda wa Tete n'kutumizidwa kunja. Aliyense wowerenga chuma cha Mozambique sangachidumphe chigawo chathu chino cha Tete. Koma m'midzi yambiri ya ku Macanga komweko mwana amawerengabe ndi tochi ya foni, ndipo Febuluwale akafika mabanja amene anakolola bwino chaka chatha amayamba kudya kamodzi patsiku. Mbali zonse ziwirizi n'zoona. Yoyamba ndi imene imalengezedwa ku Maputo monga chipambano, ndipo ndi imene imatsogolera pogawa ndalama za boma.

Pali maiko amene anayamba kufunsa ngati zimenezi zili bwino. Iwo akuti cholinga choyamba cha ndondomeko ya zachuma chikhale moyo wabwino wa anthu, kukula kwa chuma kukhale njira chabe yofikira kumeneko. Mawuwa ndi okoma, ndipo mawu okoma tawamva ambiri. Choncho n'koyenera kuona bwinobwino chimene chimasintha boma likawatsatadi.

Muyeso umene maboma amagwiritsa ntchito ndi uja a pawailesi amati PIB, kwina amati GDP. Ndi mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene zapangidwa m'dziko chaka chimodzi. Ukakwera, amati chuma chakula. Muyesowu uli ndi ntchito yake, sindikuunyoza: umathandiza boma kudziwa msonkho umene lingayembekezere ndi ngongole imene lingakwanitse. Vuto lake lili pa zimene suona.

Tengani tsiku la mayi wa kumudzi ku Tsangano. Amadzuka kusanache kukatunga madzi, amaphika phala, amasambitsa apongozi ake odwala, amapita kudimba kukathirira mbatatesi, pobwera amasenza nkhuni, madzulo amakonola chimanga. Mbatatesi ija ikagulitsidwa pamsika wa m'malire imalowa m'chiwerengero. Chimanga chodya pakhomo akatswiri amangochiyerekeza. Koma kulera ana, kudwazika, kuphika ndi kusamala pakhomo sizilembedwa paliponse, ngakhale kuti popanda zimenezo palibe mlimi kapena wogwira ntchito kumgodi angadzuke m'mawa. Mjigo ukabwera pafupi mayiyu n'kupeza maola awiri opuma, PIB sigwedezeka kwenikweni. Moyo wake wasintha, chiwerengero sichinamve.

Komanso muyesowu suchotsera zimene zatha. Nkhalango ikadulidwa kuti awotche makala kapena achize fodya, makala ndi fodya zimawerengedwa ngati phindu. Mitengo imene yapita, ndi mtsinje umene wayamba kuphwa mu Ogasiti, sizichotsedwa. Malasha akakumbidwa amalembedwa ngati chuma chopangidwa chaka chimenecho, pamene kwenikweni ndi chuma chosabwerera chimene chachoka pansi pa Moatize. Phindu limene kampani yakunja yatumiza kwawo limawerengedwabe kuti ndi PIB ya Mozambique, popeza linapangidwira kuno. Ngakhale tsoka limatha kuukweza. Mphepo yamkuntho Ana itagwetsa mlatho wa pa Revúbuè mu Januwale 2022, ndalama zokonzera zinalowa m'chiwerengero monga ntchito yomanga, koma masiku amene anthu a ku Moatize ndi Tete anavutika kuwoloka sanalembedwe ngati chotayika cha wina aliyense.

Zimenezi si zatsopano. Simon Kuznets, katswiri amene anathandiza kupanga muyeso wa ndalama za dziko ku America, anachenjeza yekha mu 1934 kuti ubwino wa moyo wa mtundu sungadziwike ndi chiwerengero chimenechi. Mu 1990 bungwe la UNDP, motsogozedwa ndi Mahbub ul Haq wa ku Pakistan pamodzi ndi maganizo a Amartya Sen wa ku India, linayamba kuyeza maiko ndi zaka zimene anthu amakhala ndi moyo, maphunziro ndi ndalama zimene amapeza. Pa mndandanda umenewo Mozambique yakhala ili pafupi ndi kumapeto zaka zonsezi. Mu 2009 gulu la Joseph Stiglitz, Sen ndi Jean-Paul Fitoussi, limene anaitanitsa Nicolas Sarkozy wa ku France, linalangiza maboma kuti aziyang'ana zimene zikufika pakhomo la munthu ndi mmene zagawidwira, osati zopangidwa zokha.

Bhutan, kadziko ka m'mapiri a Himalaya, ndi kamene kamatchulidwa kwambiri. Mfumu yake Jigme Singye Wangchuck inayamba m'zaka za m'ma 1970 kunena kuti chimwemwe cha mtundu n'choposa katundu wopangidwa, ndipo malamulo aakulu a 2008 anaikamo mfundoyi. Kafukufuku wawo amayang'ana mbali 9 za moyo, kuphatikizapo thanzi, maphunziro, chikhalidwe, kugwirizana kwa anthu pamudzi, ndi mmene munthu amagwiritsira ntchito nthawi yake, mpaka maola amene amagona.

Koma phunziro limene lingatithandize kwambiri lili ku New Zealand, chifukwa kumeneko nkhaniyi inafika pa ndalama. Mu Meyi 2019 boma la Jacinda Ardern, kudzera mwa nduna ya zachuma Grant Robertson, linapereka bajeti imene linaitcha ya moyo wabwino. Lisanagawe kalikonse linasankha zinthu zisanu zoyamba: thanzi la m'maganizo, moyo wa ana, kutukula anthu a mtundu wa Māori ndi a ku zilumba za Pacific, ntchito zamakono, ndi chuma chosawononga chilengedwe. Unduna uliwonse wofuna ndalama zatsopano unayenera kusonyeza kuti pempho lake lisintha chiyani pa zinthu zimenezo, ndipo maunduna anakakamizidwa kupempha limodzi pamene vuto likhudza ambiri. Thanzi la m'maganizo linalandira madola a ku New Zealand 1.9 biliyoni. Lamulo la 2018 linali litalamula kale kuti pa tsiku la bajeti boma liziuza nyumba ya malamulo mmene umphawi wa ana ukuyendera. Apa ndi pamene pagona nkhani: chiwerengero cha ana osauka chinaikidwa patebulo limodzi ndi chiwerengero cha ngongole, pamaso pa aphungu ndi atolankhani, chaka ndi chaka.

Ku Wales anatenga njira ya lamulo. Kuyambira 2015 mabungwe a boma amayenera kuganizira ana osabadwa pa chosankha chilichonse, ndipo pali ofesi ya munthu woyankhulira mibadwo ya m'tsogolo. Ofesiyo inatsutsa msewu waukulu watsopano pafupi ndi Newport, ndipo mu 2019 boma linausiya, ponena za mtengo wake ndi madambo amene ukanawononga. Mu 2018 Scotland, Iceland ndi New Zealand anapanga mgwirizano wogawana nzeru pa nkhaniyi. Wales ndi Finland analowa pambuyo pake.

Wina anganene kuti awa ndi maiko okhuta, ife tiyambe takhuta kaye. Ndimaumva mtsutso umenewu ndipo uli ndi mbali yoona, ndibwererako. Koma mbiri yathu yomwe ikusonyeza kuti funsoli likutikhudza kuposa iwo.

Kuchokera pamene nkhondo inatha mu 1992 mpaka cha m'ma 2015, chuma cha Mozambique chinkakula pafupifupi 7 peresenti pachaka, ndipo dziko linkatamandidwa m'misonkhano ya kunja. Gawo lalikulu la kukulako linachokera ku ntchito zazikulu zochepa: aluminiyamu ya Mozal, gasi wa ku Pande ndi Temane, kenako malasha a kuno. Ntchito zotere zimafuna makina ambiri ndi anthu ochepa. Kafukufuku wa mabanja wa 2014/15 anapeza kuti anthu pafupifupi 46 pa 100 alionse anali osauka. Mu 2016 kunaululika ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni a ku America, zotengedwa kudzera m'makampani a Ematum, ProIndicus ndi MAM. IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti, metikali inagwa, mitengo ya zinthu inakwera. Kafukufuku wa 2019/20 anapeza kuti osauka afika pafupifupi 68 pa 100. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kukula kuja kwa anthu ambiri kunali fodya wapachala.

Kuno ku Tete tinazionera pafupi. Kuti mgodi wa malasha wa kampani ya Vale utsegulidwe, mabanja oposa 1,300 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010. Ena anapita ku 25 de Setembro m'tauni ya Moatize, alimi anapita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera kumsika umene ankaudalira. Papepala zinkaoneka ngati chitukuko: nyumba za simenti ndi malata m'malo mwa za udzu, sukulu, chipatala. Koma anthu anali atachoka m'mbali mwa mtsinje kumene ankalima madimba, kuumba njerwa ndi kugulitsa makala m'tauni, n'kupatsidwa minda ya miyala kutali ndi madzi. Nyumba zambiri zinayamba kung'aluka. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji. A ku Mualadzi, amene anasamutsidwa chifukwa cha mgodi wa Benga, anadandaula za madzi ndi nthaka chimodzimodzi. Chaka chomwecho cha 2012 boma linatulutsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu onena kuti wosamutsidwa akhale ndi moyo wofanana kapena woposa wakale. Lamulolo ndi labwino, koma linabwera anthu atasamuka kale. Muyeso wa moyo wa anthu ukanakhala patsogolo, mafunso a madzi, nthaka ndi mtunda wa kumsika akanafunsidwa tsiku limodzi ndi funso la matani a malasha.

Ndipo eni migodi amasintha. Kampani ya Rio Tinto inagula migodi ya kampani ya Riversdale, kuphatikizapo wa Benga uja, mu 2011 ndi madola oposa 3 biliyoni, n'kuigulitsa mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha. Vale inagulitsa mgodi wa Moatize ndi njanji ya Nacala kwa Vulcan mu 2022. Anthu a ku Cateme ali komwe kuja.

Sikuti Mozambique ilibe zida. Kuyambira 2013, ndalama zokwana 2.75 peresenti ya msonkho wa zokumbidwa zimayenera kubwerera kumidzi yokhudzidwa ndi migodi, ndipo kusintha kwa malamulo mu 2022 kunakweza gawo lotsalira m'chigawo kufika 10 peresenti: 2.75 ya midzi, 7.25 ya chigawo ndi maboma ake. Mabungwe monga Centro de Integridade Pública akhala akudandaula kuti anthu eni ake sadziwa ndalama zimene zabwera, ndiponso amene wasankha chochita nazo. Tili ndi makomiti a uphungu m'maboma ndi m'madera, aja a conselho consultivo. Tinali ndi thumba la ngongole la mametikali 7 miliyoni la boma lililonse kuyambira 2006, nthawi ya Armando Guebuza, limene ngongole zake zambiri sizinabwezedwe. Tili ndi INAS yothandiza okalamba ndi olumala. Kumapeto kwa 2023 nyumba ya malamulo inavomereza thumba losungira gawo la ndalama za gasi. Chaka chilichonse boma limapereka PESOE, chikalata chophatikiza mapulani ndi bajeti. Choperewera ndi chingwe chomanga zonsezi ku funso limodzi: kodi moyo wa anthu wasintha?

Mukawerenga malipoti a boma mumapeza zimene zachitidwa: zipinda zophunzirira zomangidwa, mijigo yokumbidwa, makilomita a msewu. Zimenezi n'zosavuta kuwerenga ndiponso kutsegulira ndi riboni. Bajeti yoika moyo wa anthu pakati imafunsa zotsatira. Mwa mijigo yokumbidwa chaka chatha ku Chifunde, ingati ikutulutsa madzi lero? Mwa ana a kalasi yachitatu ku Ulónguè, angati akutha kuwerenga ndime imodzi? Mayi woyembekezera wa ku Marávia amayenda maola angati kuti akafike pamene pali mzamba, ndipo akafika amapeza mankhwala? Mafunso otere akakhala ndi mayankho a boma ndi boma, olengezedwa poyera, ndalama zingatsate kumene kwatsalira, ndipo nduna kapena mkulu wa boma angayesedwe ndi chinthu chimene aliyense angathe kuchiona.

Chitsanzo chimene chimandipweteka kwambiri ndi kupinimbira kwa ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Vutoli silidumpha madera okolola zambiri. Ku Angónia, nkhokwe ya chigawo chino, mungaone chifukwa chake pamsika mu Meyi ndi Juni. Mavenda amafika ndi masikelo, chimanga n'chotchipa chifukwa aliyense akugulitsa, ndipo mlimi amagulitsa chifukwa akufuna sopo, yunifolomu, ndalama ya kuchipatala ndi kubweza ngongole ya feteleza. Soya ndi nyemba, zimene zikanalowa m'phala la mwana, zimapita zoyamba popeza ndi zimene zili ndi mtengo. Matumba amawoloka ku Calómuè ndi Biriwiri. Januwale akafika, banja lomwelo limagula chimanga ndi tizitini pamtengo wokwera kwambiri, mayi ali paganyu m'munda wa wina, mwana ali kumsana ndi phala la mchere. M'mabuku a zaulimi chaka chimenecho chinayenda bwino, matani anakwera. Boma lofuna kuchepetsa kupinimbira lingaone kuti yankho silili ku unduna wa zaumoyo wokha. Lili pa nkhokwe zosungira mbewu za magulu a alimi, pa ngongole yaing'ono yoti mlimi asagulitse mothamanga, pa msewu wa kumudzi wodutsika nthawi ya dzinja, pa madzi aukhondo, pa mtsikana kukhalitsa pasukulu. Maunduna asanu, vuto limodzi. N'chifukwa chake ku New Zealand anawauza kuti azipempha limodzi.

Magetsi nawo ndi chimodzimodzi. Damu la Cahora Bassa, lomalizidwa mu 1974, limatha kupanga mamegawati 2,075, ndipo kuyambira 2007 lili m'manja mwa Mozambique. Kugulitsa magetsi kunja si tchimo, kumabweretsa ndalama zimene dziko likuzifuna. Funso ndi lakuti gawo lanji la ndalamazo limasanduka babu m'chipinda chochilira amayi kapena chigayo pamudzi. Boma linalonjeza magetsi kwa onse pofika 2030. Lonjezolo liyesedwe ndi chiwerengero cha makomo a ku Zumbo ndi Macanga, osati cha dziko lonse chimene Maputo ndi Matola amachikweza.

Tsopano ku mtsutso uja. N'zoona kuti dziko losauka silingagawe chimene lilibe, ndipo popanda chuma kukula palibe malipiro a aphunzitsi kapena mankhwala. N'zoonanso kuti bajeti yathu ndi yomangika: malipiro a ogwira ntchito m'boma, makamaka chiyambire TSU, ndondomeko yatsopano ya malipiro awo, mu 2022, pamodzi ndi kubweza ngongole, zimadya gawo lalikulu la msonkho, chotsala n'chochepa. Koma kwa ine umenewu ndi umboni wa mbali inayo. Wokhala ndi zochepa ndi amene ayenera kusankha mosamala kwambiri, ndipo kusankha kumafuna muyeso. Ngongole zobisika zija zinatengedwa popanda wina kufunsa poyera kuti zipindulira ndani.

Pali zoopsa zina zimene okonda mfundoyi sakonda kuzitchula. Choyamba, kufunsa munthu ngati ali wokondwa n'kosadalirika pakati pathu. Mlendo wonyamula mapepala akafika ndi mfumu n'kufunsa agogo kuti moyo uli bwanji, yankho ndi lakuti “Tili bwino, kaya inu,” ngakhale m'nyumba mulibe ufa. Ulemu wathu ungasandutsidwe chiwerengero chonamiza. N'chifukwa chake ndikuona kuti kwathu kuno tiyambe ndi zinthu zooneka: msinkhu wa mwana, mtunda wa kumadzi, miyezi imene nkhokwe imakhala ndi chakudya, fumbi limene anthu a pafupi ndi mgodi amapuma. Chachiwiri, mawu a chimwemwe angaphimbe nkhanza. Bhutan yomweyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, inachititsa anthu pafupifupi 100,000 olankhula Chinepali kuthawira m'misasa ya ku Nepal. Ife amene makolo athu anakhalapo m'misasa ya ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza sitingaione nkhani imeneyo mopepuka. Chachitatu, zimene boma lina layamba lina lingazisiye. Ku New Zealand anthu ambiri anadandaula kuti ndalama za thanzi la m'maganizo zinachedwa kuoneka m'zipatala, ndipo boma limene linalowa mu 2023 linasiya kutcha bajeti yake ndi dzina lija.

Choncho dzina la bajeti si limene tiyenera kulimbira. Tilimbire zinthu zogwirika. INE, bungwe la boma loona za ziwerengero, ipatsidwe ndalama ndi ufulu wotulutsa ziwerengero za boma lililonse pafupipafupi, zokoma ndi zowawa zomwe. Ndalama za 2.75 ndi 7.25 peresenti zizimatidwa pakhoma la ofesi ya boma ndi kuwerengedwa pa wailesi za m'madera m'Chichewa ndi m'Chinyungwe, kuti anthu a ku Cateme ndi Benga adziwe zimene zabwera asanafunsidwe zimene akufuna. M'makomiti a uphungu mukhale amayi ndi achinyamata oyankhula zenizeni, osati ongodzaza mabenchi, ndipo chimene agwirizana chilembedwe kuti chaka chamawa afunse.

Mayeso aakulu ali pafupi. Damu la Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, likukonzedwa pa Zambezi makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, ndipo mu 2023 boma linasankha gulu la makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo kuti ligwire nalo ntchitoyi. Mtengo wake ndi mamegawati ake zikudziwika kale. Kumeneko kuli asodzi, alimi a m'zisumbu ndi m'magombe, oweta mbuzi ndi ng'ombe, ndi manda a makolo. Asanathire simenti, payenera kulembedwa mmene mabanjawo akukhalira lero: amakolola zingati, amapha nsomba zingati, madzi ali patali bwanji, ana awo akukula bwanji. Zimenezo ziikidwe m'mgwirizano pamodzi ndi mtengo wa magetsi, zidzayezedwenso pakapita zaka zisanu ndi bungwe losadya nawo, ndipo mgwirizanowo unene amene adzalipire zikadzapezeka kuti zatsika.